Mchenga wa Temwa

Lachiwiri pa 8 Okutobala 2024, masana, makina otsendera dothi anayenda pamwamba pa ngalande ya paipi ya mafuta kum'mawa kwa mzinda wa Mzuzu, pamalo pomwe pulani inaletsa kutsendera. Paison Matewere, injiniya woyang'anira ntchitoyo, anali ataima pansi pa mtengo wa msuku chapafupi. Anaona zonse, ndipo sanawaimitse.

Paipiyo inali ya kampani ina yogulitsa mafuta, yomwe inkamanga mathanki osungira dizilo pamtunda wina kunja kwa tauni. Magalimoto onyamula mafuta sakanatha kukwera mtundawo, choncho anayenera kumatsitsira kumsewu, mafutawo n'kumayenda pansi pa nthaka makilomita atatu mpaka kumathanki. Pakati pa njirayo panali kachigwa kokhala ndi mtsinje, ndipo akatswiri a miyala atayeza anapeza kuti pansi pa kachigwako pali mng'alu waukulu wa thanthwe. Ananena kuti kukachitika chivomezi champhamvu, mbali imodzi ya mng'aluwo ikhoza kutsika ndi theka la mita, ina n'kutsala pomwe ili. Paipi inalibe kwina kodzera.

Ntchito yokonza pulani inapatsidwa kwa kampani yaing'ono ya mainjiniya ya a Zebedee Kamanga. A Kamanga anali atanena kale kuti apuma kumapeto kwa chaka, ndipo adzatchula wolowa m'malo mwawo mwezi wa Okutobala usanathe. Oyenera mpandowo anali awiri okha. Mmodzi anali Paison, wa ku Zomba, amene anabwera ku Mzuzu mu 2006 ndipo anali atauyembekezera kwa zaka zambiri. Wina anali Temwa Longwe, mng'ono wa mkazi wake.

Temwa anafika kunyumba kwa Paison ndi mkazi wakeyo, Judith, ku Katoto mu 2009 kuchokera ku Nkhata Bay, ali ndi chikwama chimodzi, kudzayamba Fomu 1. Chaka chomwecho, mu Disembala, zivomezi zinagwetsa nyumba ku Karonga, ndipo Paison anatumidwa kukaona ngati mathanki a pansi pa malo omwetsera mafuta sanang'aluke. Atabwerako anafotokoza patebulo zimene anaona: makoma ogawanika pakati, nthaka yolavula mchenga ndi madzi. Mtsikanayo anamvetsera mpaka chakudya chinazizira. Paison ndiye anamuphunzitsa masamu, ndiye anamusankhira maphunziro a uinjiniya, ndipo mu 2019 ndiye anamugwira dzanja kukamusonyeza kwa a Kamanga. Anali kumunyadira poyera, ndipo sankanama.

Zinasintha mu 2022. Kunabwera mwayi wokaphunzira ku Japan za mapaipi olimbana ndi zivomezi. Onse awiri anafunsira. Paison anakanidwa chifukwa anali atapitirira zaka makumi anayi. Temwa anapita, ndipo Paison ndiye anamuperekeza ku basi.

Chiyambire 2009 awiriwa ankanyozana monga achitira alamu. Paison ankamutchula kuti mkazi wamng'ono wopanda ntchito. Temwa ankamuyankha kuti sangakwatiwe ndi munthu wakum'mwera amene wakhala ku Mzuzu zaka zonsezi koma amatchulabe zikomo wa Chitumbuka "yewo" ngati akutsokomola. Judith ankangoseka. Mu ofesi anthu anazolowera, ndipo palibe ankayembekezera kumva mawu enieni pakati pawo pokhapokha atakhala pa pulani. Temwa atabwera ku Japan nthabwala zinapitirira, koma za Paison zinayamba kukhala ndi minga. Ankamufunsa ngati ku Japan anaphunziranso kuphika, popeza zina zonse akuzidziwa kale. Temwa sanaone kusiyana.

A Kamanga anauza aliyense kuti akonze pulani yake ya pamng'alupo, ndipo eni paipi anaitana katswiri wa kunja kwa kampani kuti asankhe. Anakumana Lachinayi pa 21 Marichi 2024.

Pulani ya Paison inali yolimba monga iye ankadziwira kulimba. Paipi ikwiriridwe mozama, ikutidwe ndi konkire, ndipo mbali zonse za mng'alu aikepo zipilala zoigwira kuti isasunthe. Umu ndi mmene ankatetezera mapaipi pansi pa misewu, ndipo palibe imene inabookapo.

Temwa anaima n'kunena zosiyana pa chilichonse. Anati thanthwe likasuntha palibe konkire ingaliletse, ndipo paipi yogwiridwa mbali zonse idzalandira mphamvu yonse pamalo amodzi n'kuduka. Ya iye inali yoti ngalande ikhale yosazama, yotakata, ya m'mbali motsetsereka. Paipi ikhale yachitsulo chokhuthala, yosalala kunja, yopanda pokhota kwa mamita zana mbali iliyonse, ndipo idutse mng'alu mopendekeka kuti nthaka ikasuntha iikoke, osati kuifinya, chifukwa chitsulo chimapirira kukokedwa koma chikafinyidwa chimakwinyika n'kung'ambika. Zotsekera mafuta zikhale kutali. Chachikulu pa zonse chinali mchenga. Ngalande ikwiriridwe ndi mchenga wa kumtsinje wongothira, wosatsendera, kuti paipi ithe kutsetsereka m'katimo, kupindika kwake kugawikane pa mtunda wautali.

Paison anafunsa, mwaulemu, ngati anthu adzagone tulo podziwa kuti dizilo akuyenda mumchenga wongomwaza. Temwa anatembenukira kwa alendo aja akumwetulira.

"Muwakhululukire alamu angawa. Amakonda simenti chomene. Kunyumba kwawo anathira konkire pabwalo ponse, maluwa a achemwali akumera m'zitini."

Onse anaseka, ngakhale katswiri uja. Zinali zoona, ndipo Paison naye anaseka. Katswiriyo anasankha pulani ya Temwa tsiku lomwelo. A Kamanga, pofuna kuti wina asadandaule, anaika Paison kukhala woyang'anira ntchito yomanga. Motero kuyambira mu Juni Paison ankadzuka m'mawa uliwonse kukamanga pulani ya mlamu wake, yokhala ndi dzina la mlamu wake pakona ya pepala lililonse.

Anaigwira bwino. Anakana mchenga wa malole awiri chifukwa unali ndi dongo. Anabweza owotcherera kuti abwereze mfundo zimene sizinamukhutiritse. Usiku wina atawerengera yekha masamu a Temwa pofuna kupezamo cholakwika, sanachipeze, ndipo zimenezi sanauze munthu.

Sabata ya 7 Okutobala Temwa anali ku Lilongwe, komwe anaitanidwa kumsonkhano wa mainjiniya kukafotokoza za pamng'alupo. Lachiwiri m'mawa a Kamanga anatumiza chithunzi pa foni za onse a mu ofesi: Temwa ataima kutsogolo kwa holo yodzaza, kumbuyo kwake kukuoneka ngalande yomweyo imene Paison anali ataimapo. Chithunzi cha ngalandecho anajambula ndi Paison. Pansi pake a Kamanga analemba kuti tsogolo la kampani lili m'manja abwino.

Tsiku limenelo kapitawo wa pamng'alupo anali kumaliro ku Rumphi, ndipo kontirakitala anatumiza Amos m'malo mwake. Amos anagwirapo ntchito ndi Paison kuyambira 2012. Chaka chimenecho Paison anamufukulitsa ngalande yonse ku Chiputula chifukwa sanaitsendere bwino, anyamata ake akuonerera, ndipo Amos sanaiwale. Pulani sankaiwerenga kwambiri. Ankadziwa zimene Paison amafuna. Ataona mchenga wofewa, woti phazi likulowa mpaka m'kakolo, anatumiza anthu kukatenga makina otsendera, amene iwo amawatcha kompakita, ndi thanki ya madzi.

Paison, akubwera kuchokera kumathanki, anamva kulira kwa makinawo. Anafika pa msuku uja makina atangoyamba. Kuchokera pomwe anaima, kukweza dzanja kokha kukanakwanira. Anaganiza za mawu a a Kamanga. Anaganizanso kuti iye sanalamule zimenezi, kuti akanatha kukhala adakali kumathanki, kuti chivomezi mwina sichidzabwera iye ali moyo. Panali ganizo lina limene sanalitchule ngakhale mumtima mpaka pambuyo pake: kuti tsopano pansi apo pali chinthu chimodzi chimene Temwa sakuchidziwa, ndipo iye akuchidziwa. Makina anapita, anabwerera, anathira madzi, anapitanso.

Amos anabwera akupukuta thukuta ndi chipewa.

"Bwana, lero simundikalipira. Pondani muone, ngati msewu wa tala."

Paison anati waona. Anamuuza kuti makina abwerere kumtunda chifukwa akufunika kumeneko, ndipo gawo lotsala alisiye. Mawa lake anathira dothi lapamwamba, ndipo pofika Lachisanu anali atadzala udzu. Malo otsenderedwa ndi osatsenderedwa ankaoneka chimodzimodzi.

Lachiwiri lomwelo madzulo Temwa anaimba foni. Paison anali pakhonde, Judith akuchonga ntchito za ana a sukulu patebulo lapafupi, ndipo mawu ankamveka kwa onse. Temwa anali wosangalala. Anafotokoza kuti anamufunsa mafunso mpaka nthawi ya tiyi inatha, ndipo wina wa ku boma anapempha nambala yake. Kenaka anasintha mawu, monga ankachitira akafuna kuyamba chipongwe.

"Nanga alamu, mchenga wanga uli bwanji? Simunauthire simenti ine kulibe?"

"Simenti ayi," anatero Paison. "Koma tautsendera. Kompakita yayendapo masana onse."

Temwa anaseka mpaka kutsamwa. Anati akudziwa kuti manja akumuyabwa, koma apirire, akadzakhala bwana adzamugulira kompakita yakeyake yoti azisewera nayo pabwalo la konkire lija. Anapereka moni kwa achemwali ake n'kudula.

Paison anaika foni m'thumba. Anaona kuti mtima wapepukako. Anali atanena. Tsiku lina wina akadzafunsa, iye adzati anamuuza mwini pulani tsiku lomwelo, pamaso pa mboni. Judith anamuyang'ana pamwamba pa magalasi, kenaka anabwerera ku makope ake.

Temwa anabwera Lachinayi, ndipo Lachisanu anapita kukaona ntchito. Anayenda m'mbali mwa udzu watsopanowo, anajambula zithunzi, anati zili bwino. Anamuyamikira Paison pamaso pa a Kamanga, kuti pulani ndi pepala chabe popanda munthu woimirira padzuwa. Paison anamva mawuwo ngati a mkulu akuyamikira wantchito wake. Eni paipi anali atakonza zoiyesa ndi madzi kumayambiriro kwa Novembala, kenaka kuthiramo dizilo. M'tauni magalimoto anali kugona pamizere ya mafuta, ndipo aliyense ankafuna ntchitoyo ithe msanga.

Lamlungu pa 13, atatuluka kutchalitchi, Temwa anadzadya kwa achemwali ake monga mwa nthawi zonse. Patebulo anabwereza nkhani ya foni ija ngati nthabwala, akuyerekeza mawu a Paison. Paison anamwetulira n'kupempha mchere. Atatha kudya anapita kukatsuka galimoto, chifukwa Lachiwiri linali Tsiku la Anakubala ndipo anali atagwirizana zopita onse ku Nkhata Bay kukaona amayi a akaziwo.

Judith anamutsatira panja. Anaima pafupi ndi ndowa, n'kufunsa motsitsa mawu ngati zimene ananena pa foni zinali zoona. Paison, pomutchula ndi dzina la mwana wawo, anati amayi a Rachael akudziwa mmene iye ndi mlamu wake amachezera.

"Ndikudziwa, n'chifukwa chake ndikufunsa. Inu mukamamunyoza Temwa mumayamba kuseka musanamalize. Tsiku lija simunaseke."

Paison anapitiriza kupukuta galasi. Judith anadikira pang'ono, kenaka analowa m'khitchini momwe mng'ono wake ankatsuka mbale. Anakhalamo nthawi yaitali. Ankayankhula Chitonga, chimene Paison ankachimva pang'ono chabe, ndipo madzi a pampopi anali otsegula. Temwa potuluka anatsanzika bwinobwino. Anakana kuperekezedwa, anati akwera kabaza.

Lolemba pa 14 m'mawa Paison atafika pamng'alupo anapeza Temwa ali kale pomwepo, atavala majombo, m'manja muli chitsulo chachitali cha zomangira chosongoka kunsonga. Anayambira kumtunda. Anabaya pa udzu, chitsulo chinalowa mosavuta mpaka pachizindikiro chimene anamangapo kansalu. Anayenda pang'ono, anabayanso, chinalowa. Anapitiriza choncho kutsika ku mtsinje. Atayandikira pamng'alu penipeni chitsulo chinadutsa dothi lapamwamba n'kuima. Anachitsamira ndi thupi lonse, koma sichinapitirire.

Sanayang'ane kwa Paison. Anaitana Amos, amene anali adakali pa ntchitoyo, n'kumufunsa mwaulemu, m'Chitumbuka, ngati makina anayendapo apa. Amos anavomera monyadira, anatchula tsiku, anasonyeza poyambira ndi pomwe analekera. Atayeza anapeza mamita makumi anayi ndi asanu, ndipo mng'alu unali pakati pake. Temwa anamufotokozera chifukwa chake mchengawo unayenera kukhala wofewa. Nkhope ya Amos inagwa. Anatembenukira kwa Paison, kenaka anavula chipewa. Anati iye ndiye anaitanitsa makina, palibe anamutuma. Zimenezo zinali zoona, ndipo sanawonjezere.

Amos atachoka, Temwa anabwera pa msuku uja. Anaima pomwe Paison anaima Lachiwiri, n'kuyang'ana kungalande. Kuchokera apo ponse pankaoneka.

Paison anayamba yekha. Anati anamuuza tsiku lomwelo, Judith ndi mboni.

"Munandiuza, inde," anatero Temwa. "Munasankha njira yoti ndisamve."

Anafunsa ngati Paison ankaganiza kuti pulaniyo ndi yolakwika. Anati ngati ndi choncho anene, akhale pansi awerengerenso limodzi, chifukwa iye masamu anaphunzira kwa iye. Paison akanatha kuvomera, ndipo nkhani ikanakhala ya mainjiniya awiri osiyana maganizo. Koma anayankha kuti anawerengera kale mu Juni, ndipo pulani ilibe vuto. Temwa anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anatola chitsulo chake n'kupita kugalimoto.

Masana a Kamanga anawaitana onse awiri mu ofesi yawo. Temwa anafotokoza zimene anapeza, mopanda kukweza mawu: mamita angati, tsiku liti, makina ati. Anati mchenga wonse wa gawolo uchotsedwe ndi mafosholo, osati ndi makina, kuopa kukanda paipi. Aione ngati sinaphwanyike pena. Athire mchenga wina. Kuyesa ndi madzi kuyenera kusunthidwa. A Kamanga anavula magalasi n'kutikita maso. Anati eni paipi adzafuna kudziwa chinthu chimodzi, ndipo iwonso akufuna kuchidziwa asanatchule wolowa m'malo mwawo. Kapitawo kulakwitsa si zachilendo, ndiye chifukwa chake pamakhala injiniya. Anafunsa Paison kuti anali kuti makina akuyenda.

Paison anati tsikulo anayendera kumathanki ndi kumng'alu komwe.

A Kamanga anamuyang'ana, kenaka anatembenukira kwa Temwa, n'kuyamba m'Chitumbuka.

"Mwana wane, iwe wayankhula ndi anthu kumeneko. Paison anaona kapena sanaone?"

Paison anayang'ana pakona ya pulani imene inali patebulo, pomwe panali dzina la Temwa. Anazindikira kuti mpando uja, ngati ungabwerebe kwa iye, udzakhala wochita kupatsidwa ndi mtsikana amene anafika kunyumba kwake ndi chikwama chimodzi. Temwa akanena kuti Paison anaona, iye watha, pano ndi kwina kulikonse kumene mainjiniya amadziwana. Akanena kuti sanaone, Paison adzakhala ndi mangawa kwa iye moyo wake wonse. Sanathe kudziwa chimene chikanamupweteka kwambiri. Anaonanso, ndipo izi zinamuwawa pazokha, kuti Temwa sanali kusangalala ngakhale pang'ono.

Temwa anapempha kuti ayankhe Lachitatu, tchuthi chikadutsa. A Kamanga anavomera.

Lachiwiri pa 15 ananyamuka m'mawa monga anapanganira. Judith anakhala kutsogolo atanyamula chitenje chatsopano cha amayi ake pamiyendo. Temwa anakhala kumbuyo. Msewu wa ku Nkhata Bay umadutsa pafupi ndi pomwe paipi imayambira, ndipo ngakhale linali tchuthi, anthu a Amos anali kale m'chigwa ndi mafosholo, akuchotsa udzu umene anadzala Lachisanu.

Atayamba kutsika mapiri, Paison anayesa. Anayang'ana pagalasi n'kufunsa ngati mkazi wamng'ono wawagulira chiyani apongozi, kapena wangobweretsa zithunzi za ku Lilongwe. Anayamba kuseka asanamalize.

"Ndagula shuga ndi sopo, a Matewere," anatero Temwa.

Chiyambire 2009 anali asanamutchulepo choncho. Judith anayang'ana panja.

Anabwerera ku Mzuzu dzuwa lisanalowe, ndipo Temwa anatsikira m'tauni. Pofika nthawi imeneyo anthu a Amos anali atafukula mamita khumi ndi awiri mwa makumi anayi ndi asanu aja, ndipo paipi inali isanaoneke ponse kuti adziwe ngati ili bwino. A Kamanga anali ataika msonkhano Lachitatu pa 16, nthawi ya 8 koloko m'mawa. Temwa anali asanauze aliyense, ngakhale Judith, chimene akayankhe.